Chotupa cha a Orville Tackett

M'mawa wa Lolemba lina, mkati mwa Julaye, a Orville Tackett anali pathebulo m'khitchini mwawo akuviika masikono mumsuzi wa soseji, koma mtima sunali pa chakudya. Nsagwada zinkangotafuna zokha, maso ali pazenera kudikira galimoto ya mlamu wawo.

A Orville ndi amene amatikonzera makina oziziritsa m'nyumba kuno ku Pickett Ford, ndipo m'chilimwe cha ku Oklahoma munthu wotere timam'patsa moni tisanapatse abusa. Ndi bambo wamfupi, wowonda ngati mpini wa tsache. Tsiku lomwe Mlengi ankagawa matako iwo anali pamzere wa makutu, ndipo kumeneko analandira kawiri. Mtima wawo ndi wabwino, dzanja lawo ndi lopatsa, koma pali liwu limodzi lomwe sanaliphunzirepo, liwu loti "basi". Galimoto yawo anaiveka nyali zambirimbiri moti ikamadutsa usiku atambala amayamba kulira.

Chomwe chinkawasowetsa mtendere n'chakuti tchalitchi chathu cha Pentekoste, monga matchalitchi ambiri kuno, chili ndi alonda obisika. Ndi anthu angapo amene amakhala pakati pa mpingo, kuimba nawo, kupereka nawo chopereka, koma mfuti ili mkati mwa zovala, kuchitira kuti tsiku lina mungalowe munthu wa mutu woipa. Sadziwika. Owadziwa ndi abusa ndi mkulu wa gululo basi, a Clovis Yarbrough, wapolisi wopuma pantchito, amenenso ndi mlongo wawo wa mayi Lurleen, mkazi wa a Orville. Tsono a Clovis anali atanong'oneza kuti m'gulumo mwatseguka malo amodzi, ndipo a Orville anali akulirira malo amenewo kuyambira kalekale.

"Ine chimene sindikumvetsa, bambo a Renae," anatero mayi Lurleen akuthira khofi, "n'choti mukufuna ulemu wa ntchito yoti munthu asadziwe kuti mukuigwira. Inuyo? Amene mukagula nsapato mumayenda chowerama mpaka wina afunse?"

"Zachimuna izi, mayi. Simungazimve."

A Clovis analowa osagogoda, chimunthu chodzaza chitseko, natenga sikono m'mbale ya mlamu wawo osapempha.

"Alamu, tcherani makutu anuwo, mwayi wake alipo okwanira. Kuwombera ndikuphunzitsani ndekha, ngakhale bulu ndingamuphunzitse. Chimene sindingaphunzitse munthu ndi kubisa. Mukagule kamfuti kakang'ono, kopyapyala, kokhala ndi kagalasi kolozera pamwamba, poti maso anu ndi a nkhuku. Lamulungu likubwerali mubwere mutakavala. Kopanda chipolopolo, mwamva? Kopanda chipolopolo. Mukhale mapemphero onse mpaka amen wotsiriza. Munthu mmodzi yekha akadziwa kuti muli ndi chitsulo m'chiuno, malowo ndipatsa wina, inu muzikangoimba besi yanu yosokoneza ija."

"Zosavuta izo," anatero a Orville. "Ine ndimabisa mapaipi m'makoma tsiku ndi tsiku."

"Khoma lili ndi thupi, alamu. Inu mulibe."

Masana a tsiku lomwelo a Orville anasiya makasitomala akuphikika m'nyumba zawo, n'kukalowa m'sitolo ya mfuti ya mayi Twyla Boggs, ija yogundizana ndi yogulitsa chakudya cha ziweto. Mayi Twyla anamvetsera, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ulendo womwe sunatenge nthawi, kenako anatulutsa kamfuti kakuda, kopyapyala ngati kabuku ka nyimbo ka m'thumba. Pamwamba pake panali kagalasi kosaposa chikhadabo cha chala chachikulu.

"Kanu ndi aka, bambo Tackett. Mukakakweza muona kadontho kofiira m'kagalasimo. Pamene pakhale kadonthoko, chipolopolo chipita pomwepo. M'chiuno mwanu kabisala moti ngakhale akazi anu sakapeza."

A Orville anakakweza, kuloza pakhoma. Kadontho kunalibe. Anapendeketsa kumanja, kumanzere, m'mwamba, ngati munthu wosaka netiweki kuthengo. Kadontho kanangoti phethi, n'kusowanso.

"Batire latha ili."

"Batire n'latsopano. Dzanja lanu ndi lomwe silinadziwe njira. Aliyense amayamba choncho. Pitani nako kunyumba, muzikakweza ndi kukatsitsa kopanda chipolopolo, m'mawa ndi madzulo. Pakutha pa sabata kadonthoko kazikufunani kokha."

Kwa a Orville mawu amenewa anamveka ngati ntchito ya kusukulu yokachitira kunyumba, chinthu chomwe anadana nacho kuyambira ali mwana. Komanso maso awo anali atagwera kale pa galasi lina m'kabati, lalikulu ngati zenera la kubafa.

"Nanga ilo?"

"Ilo ndi la anthu a mipikisano, ovala mfuti poyera. Si lobisa ayi."

"Tangondigwiritsani, sindilidya."

Atakweza mfuti yokhala ndi galasi limenelo, dontho linali phee pakati, lofiira psuu ngati diso la tambala. A Orville anamwetulira mpaka makutu anasuntha.

Vuto linali loti galasi lalikulu silikhala pa kamfuti kakang'ono, monga chipewa cha bambo sichikhala pamutu pa khanda. Choncho panafunika mfuti yokulirapo. Mfuti yokulirapoyo inali ndi malo kunsi kwa mpope oikapo tochi, ndipo a Orville sangaone malo opanda kanthu n'kugona tulo.

"Tochi ya chiyani?" anafunsa mayi Twyla. "Mapemphero anu si a m'mawa?"

"Nanga magetsi akazima?"

"Muli mazenera m'tchalitchimo."

"Nanga kukachita mitambo?"

Tochi inamangidwa. Kenako anaona kabokosi ka zipolopolo kataliatali, kotuluka kunsi kwa chogwirira ngati mchira, ndipo anati zipolopolo zili ngati achibale pamaliro, sizichuluka. Itavala zonsezi, mfuti sikanalowanso m'kachikwama wamba, ndiye panafunika chikwama chake chapadera, cholimba gwa, chachikulu ngati jombo.

"Bambo Tackett," anatero mayi Twyla atagwira m'chiuno, "munalowa muno kudzagula kamwana ka mphaka, mukutuluka ndi mwana wa ng'ombe. Mukamubisa pati?"

"Musade nkhawa, mayi. Nzeru zilipo."

Mayi Twyla anangolandira ndalama. Wamalonda amachenjeza koyamba chifukwa cha Mulungu, kachiwiri chifukwa cha umunthu, kachitatu amakulunga katundu.

Kunyumba a Orville anakoleka chikwama chija palamba, kumanja, n'kuima pagalasi la m'chipinda. Buluku anayamba ulendo wopita kumawondo mbali imodzi. Anamukoka, anabwerera. Anatsitsira malaya pamwamba, ndipo malayawo anaima panjapanja ngati tenti.

"Mayi, tabwerani. Mukuonapo kanthu?"

Mayi Lurleen anaima pakhomo, nawayang'ana mwachifatse.

"Ndikuona kuti tiyambe kusoka matewera. Yamiyezi ingati, bambo a Renae? Koma n'chifukwa chiyani yakhalira mbali imodzi?"

Munthu wina akanabweza katundu mawa lake. A Orville anabwereradi kusitolo mawa lake, koma kukagula lamba wokhuthala ngati wa makina a chigayo. Lambayo sanalowe m'timakutu ta buluku, ndiye anagula buluku wina wokulirapo. Buluku wokulirapoyo ankapendekekabe, ndiye anaganiza zoika timabokosi tina ta zipolopolo kumanzere kuti sikelo ifanane, koma poti lamulo linati popanda chipolopolo, timabokosi topanda kanthuto tinalephera kulimbana ndi kulemera kwa kumanja. Pomaliza anatsegula kabati n'kutulutsa chijekete chawo chakuda chaubweya, chija amavala pamaliro a m'nyengo ya chisanu.

"Ndi Julaye uno," anatero mayi Lurleen.

"Kuvala bwino pamaso pa Ambuye kulibe mwezi."

Mayi Lurleen akanatha kuimbira foni mlongo wawo. Sanatero. Anali atakhala m'banja nthawi yokwanira kudziwa kuti pali maphunziro ena omwe mwamuna salandira kwa mkazi wake, amafuna mpingo wonse.

Lamulungu kunacha ndi dzuwa loti n'kukazingira dzira pamwamba pa galimoto. Tsono makina oziziritsa a m'tchalitchi anali atafa mkati mwa sabatayo, ndipo munthu woti awakonze ndi yemwe uja anatha sabata yonse ali pagalasi. M'katimo munali ngati mu uvuni. Amayi ankadzikupiza ndi timapepala, amuna atamasula mataye. Ndiye analowa a Orville, chijekete chili mpaka m'khosi, akuyenda chopendekeka ngati ngolo yophwa tayala, dzanja lamanja litagwira m'nthiti kuti katundu asagwedezeke.

Pokhala pabenchi, mchira uja unagunda thabwa, galasi n'kuwabaya pansi pa nthiti. "Mmh!" anabuula. Poimirira nyimbo, buluku anafuna kutsalira, ndiye dzanja lamanzere linapita palamba. Pokhalanso, "Mmh!" Thukuta linkatsika m'makutu ngati mvula padenga la malata. Nkhope inayamba kutuwa. Koma mumtima a Orville ankadziyamikira: palibe amene anatchula mfuti.

Kenako inafika nthawi ya moni, pamene abusa amati aliyense atembenuke akumbatire mnzake. A Orville anayesa kubisala kuseri kwa mkazi wawo, akungokweza dzanja patali ngati wandale. Koma kumbuyo kwawo kunali mayi Opal Renfro, mkulu wa amayi a mapemphero, gogo wamng'ono thupi amene anaika amuna awiri m'manda ndipo matenda amawanunkhiza ngati galu wosaka. Mayi Opal sapatsidwa moni wa patali. Anawakumbatira a Orville mwamphamvu, ndipo dzanja lawo linagunda chinthu cholimba, chachikulu, pansi pa nthiti.

Mayi Opal anauma thupi pomwepo. Anayang'ana nkhope yotuwayo, thukuta, chijekete cha munthu wozizidwa pakati pa chilimwe. Maso awo anadzaza misozi.

"Mwana wanga," ananong'ona, "chotupa chachikulu chonchi, iwe osanena? Chinayamba liti?"

Apa a Orville anaima pamphambano. Akati ndi mfuti, malo apita. Akangokhala chete, ndiye kuti palibe amene wadziwa kuti ndi chitsulo, lamulo la a Clovis silinaswedwe. Anayankha motsitsa mawu.

"Sabata yomwe ino, mayi."

"Sabata imodzi chakula chonchi? Yesu wanga! Adokotala akuti chiyani?"

"Akuti... tidikire kaye."

"Madokotala a masiku ano!" Mayi Opal anatembenukira kwa mayi Lurleen. "Iwe Lurleen, unadziwa?"

"Ndinachiona chikukula tsiku ndi tsiku, mayi," anatero mayi Lurleen, maso ali m'buku la nyimbo. "Ndinawauza kuti akachichotse, koma mukuwadziwa amuna."

Pamene abusa ankatsegula Baibulo, nkhani inali itadutsa benchi ndi benchi ngati moto wa m'udzu wouma. Kutsogolo inali chotupa, pakati inali khansa, pofika kumbuyo a Orville anali atatsala ndi mwezi umodzi. Bambo wina amene anakangana nawo chaka chatha pa nkhani ya mpanda anawagwira paphewa, n'kunena kuti zakale zithe. A Orville anacheukira kumbuyo kuti aone mlamu wawo. A Clovis anali ataima pafupi ndi chitseko, ataluma mpango, mapewa akugwedezeka. Anthu ankati taonani chikondi cha pachilamu, bambo wamkulu akulira.

Ulaliki utatha, abusa anatambasula manja. "Ngati alipo wodwala pakati pathu, abwere kutsogolo timupempherere."

A Orville anamira m'benchi. Koma mayi Opal anali atawagwira kale mkono, amayi ena akukankha kumbuyo, ndipo munthu wogwira buluku ndi dzanja limodzi salimbana ndi gulu. Anawakweza pansanja ya kuguwa. Monga mwa mwambo wathu, wodwala akamapemphereredwa pamaima bambo wamphamvu kumbuyo kwake, woti amuwakhe Mzimu ukamugwetsa. Abusa anakodola a Clovis.

"Alamu," ananong'ona a Orville pakona ya pakamwa, "palibe amene wadziwa. Mukumbukire zimenezo."

"Ndikuona, alamu. Limbani mtima. Mwatsala pang'ono kuchira."

Abusa anawadzoza mafuta pachipumi. Limba linayamba kulira pansipansi. Amayi anazungulira, manja ali m'mwamba, ndipo mayi Opal anakwinya manja a diresi lawo ngati munthu wofuna kuchapa.

"Ine sindipempherera patali," anatero. "Vula jekete, mwana wanga, ndichigwire chinthucho."

"Ayi, mayi, ndikuzizidwa."

"N'chimene chikukuzizitsacho! Iwe chotupa, ndikukulamula, tuluka!"

Dzanja la mayi Opal linalunjika m'nthiti. A Orville anabwerera m'mbuyo. Linabweranso, anabwereranso. Kuti atchinge ndi manja onse awiri anasiya lamba, ndipo buluku, amene anadikira mwayi umenewu kuyambira m'mawa, anatsika mwaulemu mpaka m'mawondo. Phazi lina linafuna kubwerera, miyendo inakana kusiyana, chidendene chinaponda m'mphepete mwa nsanja. A Clovis, amene anayenera kuwakha, anali atapindika pakati, manja ali pamimba.

A Orville anagwa chagada, phii, miyendo m'mwamba.

"Aleluya!" unafuula mpingo. "Wamukhudza! Wamukhudza!"

Koma chijekete chinali chitatseguka. Chikwama chija chinatsomphoka palamba n'kulavula katundu wake pakapeti: chimfuti, galasi lake ngati zenera, mchira wake uli njo. Ndipo pogwapo tochi inayaka, kuwala kwake n'kulunjika pankhope pa abusa.

Limba linasiya kulira.

Palibe anathawa, poti kuno mfuti tinaziona tisanaone sukulu. A Clovis anapukuta misozi, anatola mfutiyo moloza pansi, anaitsegula, n'kuonetsa abusa kuti ilibe kanthu. Kenako anayesa kuzimitsa tochi, osapeza pozimitsira.

Mayi Opal anawerama, nayang'ana chinthucho kwa nthawi, kenako anayang'ana munthu wogona pansiyo.

"Ndapempherera zotupa zambiri pamoyo wanga," anatero, "koma chokhala ndi tochi n'choyamba."

"Chachikulu n'choti chatuluka, mayi," anatero mayi Lurleen ali pabenchi pawo. "Tiyamike Ambuye."

Kuseka kwa mpingo kunagwedeza mazenera. Woimba limba anagona pa limba lake. Abusa anayesa kutseka ndi pemphero, anafika pakati, anangoti amen. Bambo wa mpanda uja anabwera kudzanena kuti chikhululukiro chija wachibweza, nkhani ya mpanda ikadalipo.

Panja, pamthunzi wa mtengo, a Orville anayesabe kuchonderera, atagwira buluku ndi manja onse awiri.

"Koma alamu, kunena zoona, mpaka nthawi yogwayo palibe anadziwa kuti ndi mfuti."

"Zoona, alamu. Mlonda wobisika amene mpingo wonse unamuyang'ana kuyambira nyimbo yoyamba, ena mpaka kumulirira. Ndinakutumani kamfuti, mwabwera ndi sitolo yonse." A Clovis anawasisita pamsana. "Koma ntchito ilipo yokuyenerani. Pamafunika munthu woimika magalimoto panja pano. Amavala chovala chowala cha mtundu wa lalanje, aliyense amamuona. Mukasangalala nayo."

Malo aja anapatsidwa munthu wina. Mpaka lero sitidziwa kuti ndi ndani, ndipo n'chifukwa chake anam'patsa.

Koma nkhani ya matenda imathamanga kuposa nkhani ya kuchira. Ena anali atatumiza kale mauthenga pafoni ulaliki uli mkati, moti sabata yonseyo pakhomo pa a Tackett pankafika amayi a matchalitchi ena ndi mbale za nkhuku yokazinga, nyemba ndi makeke, kudzatsanzikana ndi wodwala. Mayi Lurleen ankalandira mbale iliyonse ndi manja awiri, n'kuloza padenga la tchalitchi patsidya pa msewu, pamene wodwalayo anali chogwada padzuwa akukonza makina oziziritsa.

"Ndi uyo apo. Madokotala adabwa nawo."

A Orville anapita kusitolo akufuna chinthu chimodzi, ndipo chinthucho anachigwira m'manja. Koma pafupi pake panali chokongolerapo, pafupi ndi chokongolerapocho panali chinanso, ndipo anatambasula dzanja nthambi ndi nthambi mpaka anaiwala chomwe anakwerera mumtengo. Akuluakulu anaziona kale zoterezi pamene ankati: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.